Mano Asanu ndi Limodzi a Che Mustapha

1

Imani pa mlatho wa Mangochi, muimitse munthu aliyense, mumufunse kuti Che Mustapha Dinala ndani. Akapanda kundidziwa, ameneyo ndi mlendo. Ndine uja ndinayamba ndi njinga yopanda mabuleki, kunyamula usipa pa doko la Lungwena kukagulitsa ku Namwera, mapiri onse aja ndikukankha ndi chifuwa. Pofika chaka cha 1987 ndinali ndi malole atatu otuta chambo cha pa ayezi kupita nacho ku Limbe. Ku Joni ndinapitako koyamba pa Wenela, kabudula ali zigamba zokhazokha. Ndinadzapitakonso pa ndege, nditavala suti. Harare, Beira, Durban, Dar es Salaam, konseko phazi langa linaponda. Ndadya ndi Amwenye, ndatsutsana ndi Mabunu m'chinenero chawo, ndipo pa msonkhano wa chipani mpando wanga unkakhala kutsogolo.

Pepani, ndayambanso. Chizolowezi sichifa msanga. Lero sindinabwere kudzadzitama, ndabwera kudzaulula.

Pa tebulo pamene ndikulembera pano pali kachitini ka buluu. Zimene zili m'menemo ndizo zinapha mkazi wanga woyamba, Esime. Si poizoni ayi. Apolisi akanakapima sakanapezamo mlandu. Komabe wopha ndine.

2

Chiseyeye chinatilowa tonse awiri, ine ndi Esime, ndipo sitinachiyese matenda. Munthu wamkulu angapite kuchipatala chifukwa mswachi wafiira? Ndikaluma chimanga chowotcha, pachitsononkho pankatsala magazi. Nkhama zinayamba kuthawa, mano n'kumaoneka ataliatali ngati a bulu. Kenaka anayamba kugwedera. Dalaivala wanga ankatsegula windo la lole ngakhale m'mwezi wa Juni, mphepo ya mwera ikuluma, ndipo ine ndinkati amakonda mpweya.

Fungo la m'kamwa mwako sulimva. La mnzako ndiye umalimva. Ine ndinamva la Esime.

Esime anali mwana wa ku Lungwena, mayi wa mwana wanga mmodzi yekha, Zena. Anali woyambitsa nyimbo. Pa ukwati wa ndowa, pa chinamwali, ngakhale amayi akamayeserera magule a chipani, amene ankatsogolera anali iye, mawu ake kumveka mpaka ku mabwato. Mano atayamba kugwedera anasiya kuyimba. Ankalankhula atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango. Anayambanso ludzu losatha, kumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo kachilonda ka pa chala chakuphazi kanatha miyezi osapola. Ndinkaziona zonsezi. Chimene ndinachita n'kukwatira mkazi wachiwiri, Amida, n'kumumangira nyumba ya malata ku boma. Kuwoloka mlatho kupita kwa Esime kunasanduka kwa kamodzi pamwezi, masana okhaokha, lole osazimitsa.

Tsiku lina pa doko, asodzi akutsitsa nsomba, ndinaluma nzimbe uku ndikulamula. Dzino lakutsogolo linatsalira mu nzimbemo, chilili ngati msomali. Doko lonse linafa ndi phwete. Pofika madzulo ndinali ndi dzina latsopano: Che Gweru.

Ine, Mustapha Dinala, Che Gweru! Sabata yomweyo ndinayamba kukonza mapepala a ulendo.

3

Ndinapita ku Joni mu Januwale 1988. Ndinabwerako pakamwa pali pululu. Mano onse asanu ndi limodzi akutsogolo, a m'mwamba, kunalibe.

Woyamba kundiona anali mlamu wanga Jaffalie, mchimwene wake wa Esime, mwini mbumba yawo, msodzi wa pakamwa ngati lumo.

"Alamu!" anakuwa ali m'bwato. "Anzanu ku Joni amabwerako ndi wailesi ndi jekete. Inu mwakasiyako mano? Kapena anakulandani pachipata chifukwa analibe khadi la chipani?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi mumchenga. Magazi anandikwera kumutu.

"Sekani," ndinatero, mawu akutuluka ndi mphepo. "Werengani miyezi isanu. Amera."

"Amera? Ndinu khanda?"

"Ndati amera."

Mawu amenewo sindinawakonzere. Anangotuluka, monga amatulukira mawu a munthu wosafuna kugonja. Koma atatuluka ndinawakonda.

Mu Juni ndinakweranso ndege. Ndinabwerako patatha milungu isanu ndi umodzi, n'kulunjika pa doko la Lungwena m'mawa, nthawi imene anthu amadzaza. Ndinatsika m'lole, ndinaima pamtunda, n'kumwetulira. Mano asanu ndi limodzi, oyera mbee, ondondozana bwinobwino.

Jaffalie anayandikira akupukuta manja.

"Aaa, tawadziwa awa," anatero. "Ndi ovula. A Paulo, aphunzitsi opuma a ku Malindi, ali nawo. Pogona amawaviika m'kapu."

"Kokani."

"Eti?"

"Kokani, alamu. Akatuluka, lole iyo ndi yanu."

Anagwira ndi zala zake zonunkha utaka, anakoka, anapotoza, anakokanso mpaka mutu wanga kumutsatira. Mano osasuntha. Ndinaitanitsa nzimbe, ndinaisenda ndi mano omwewo, makoko kumalavulira kutali.

"Mashaallah," wina ananong'ona. "Ameradi."

Pamenepo lilime langa linayamba kuvina. Ndinawauza za nkhalamba ya ku Zanzibar imene ndinakumana nayo ku Durban, ya ndevu zofika pamchombo, ya zaka zana limodzi koma yotafuna mafupa a mbuzi. Ndinatulutsa kachitini ka buluu m'thumba la jekete, ndinakatsegula pang'ono kuti aone ufa woyera, n'kukabweza msanga. Tsiku limenelo dzina la Che Gweru linafa. Ndinasanduka munthu amene anamera mano kachitatu.

4

Esime ndinamupeza pakhonde akusankha mpunga. Anali atawonda, khungu litauma. Pambali pake panali ndowa ya madzi ndi chikho.

"Ndamva, abambo a Zena," anatero kuseri kwa mpango. "Ndione nawo."

Ndinawerama. Anapukuta chala chake pachitenje, n'kugwira dzino lililonse palokha, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga mikanda yopempherera ya tasibihi. Panali patatha zaka ziwiri chikhalire osandikhudza.

"Ndi enieni," anatero. "Fungo lija lathanso."

"Latha."

"Ndiye kuti anga akamera, langanso litha?"

Iye anayang'ana mumpunga.

"Sindikupempha nyumba ya malata ngati ya mnzanga. Sindikupempha nsalu. Ndikupempha kachitiniko. Mwina mungamazimitseko lole mukabwera."

Owerenga, pamenepo m'pamene ndikanaima. Tinali awiri okha. Panalibe doko loti lindiseke. Koma m'maso mwake munali chinthu chimene ndinali nditachisowa kalekale: ankandiyang'ana ngati munthu wotha zonse. Ndinamupatsa kachitiniko.

"Muzipaka m'mawa ndi madzulo," ndinatero. Ndinadziuza kuti ufawo sungamupweteke.

Patatha milungu itatu ndinadutsanso. Ndinali pachangu, ayezi akusungunuka kumbuyo, dalaivala akuimba hutala. Esime anabwera mpaka pa chitseko cha lole, akuyenda motsimphina chifukwa cha chala chija.

"Abambo a Zena, ndapaka osadumphitsa tsiku. Palibe chikumera. Kapena ndikulakwitsa?"

Pamsewu panali amayi atatu akumvetsera. Ndikanati mankhwala sagwira, pofika mawa Lungwena yense akanadziwa. Ndiye ndinayankha zimene zinabwera pafupi.

"Mbewu simera pachitsa, amake Zena. Ine simunandione? Anayamba achoka onse akale, kenaka atsopano n'kubwera."

Anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu amene wamvetsa samu. Ine ndinamenya chitseko, lole inanyamuka. Tisanafike n'komwe ku Malindi, mawuwo ndinali nditawaiwala.

5

Ndinatha masiku asanu ndi atatu ku Limbe. Nditabwerera ku boma, ndinapeza Zena atakhala pa sitepe ya nyumba ya Amida, miyendo ili fumbi lokhalokha. Anali atabwera katatu kudzandifuna.

"Ababa, amayi sakutha kumeza."

Pa msika wa Lungwena panali Che Uladi, wokonza njinga, amenenso ankazula mano ndi chopanira chomwe ankamangira masipoko. Dzino likakuvuta, unkakhala pa chitsa chake, iye n'kutsuka chopaniracho m'madzi a mchere. Titafika ku Lungwena anandichingamira pamsewu, kofia ali m'manja.

"Che Mustapha, amake Zena anabwera kuti ndiwazule mano, ine ndinakana. Wallahi ndinakana. Ndinati limodzi basi, ena mawa lake. Koma anati mwalamula ndinu, kuti mbewu simera pachitsa. Ndikanatsutsa bwanji mawu anu, inu amene munamera?"

"Angati?"

"Lachiwiri anayi. Lachisanu atatu."

Nditalowa m'nyumba, Esime sindinamuzindikire. Tsaya linali litatupa mpaka kutseka diso, kutupako kutatsikira pansi pa chibwano, khosi lili gwaa ngati thabwa. Thupi linali moto. Pamphasa panali kachitini kaja, kotsegula. Ankathira ufawo m'mabala momwemo, m'mawa ndi madzulo, monga ndinamuuzira.

Tinamugoneka pamatiresi kumbuyo kwa lole ya nsomba, ine, Zena ndi Jaffalie, n'kuthamangira kuchipatala cha mishoni. Dokotala wake anali Mmalawi wa imvi, wolankhula motsitsa. Anamubaya chala, anapima mkodzo, anamuika dilipi ndi majakisoni, kenaka anatiitanira m'kachipinda kake.

"Mayiwa ali ndi matenda a shuga, ndipo akhala nawo nthawi yaitali," anatero. "Shuga ndi chiseyeye zimadyetsana. Nkhama zikamatukusira mafinya, shuga amakwera. Shuga akakwera, bala silipola. Munthu wotere sitimuzula ngakhale dzino limodzi tisanatsitse shugayo. Tsopano tizilombo ta m'kamwa talowa m'khosi ndi m'magazi, ndipo mtima ukuvutika. Anawatuma ndani kuzula mano asanu ndi awiri?"

Jaffalie, yemwe uja wonditonza, ndiye ananditchinjiriza.

"Adokotala, mankhwalawo ndi enieni, kungoti mlongo wanga thupi lake n'lofooka. Alamu angawa anamera nawo. Ndinakoka ndekha ndi manja awa."

Dokotala anatembenukira kwa ine.

"Tayasamulani, bambo."

Anaunika ndi tochi, anakweza mlomo wanga, anagogoda dzino limodzi ndi kachitsulo. Linalira ngati mbale yadothi ya ku sitolo. Anazimitsa tochiyo.

"Izi ndinangoziwerenga m'buku, kuziona ndi lero," anatero. "Muwauza nokha, kapena ndiwauze ine?"

6

Nazi zimene ndinabisa.

Kunalibe nkhalamba ya ku Zanzibar. Ku Durban chaka chimenecho sindinapondeko. Kunali dokotala wa mano mumzinda wa Joni, m'nyumba yosanja kakhumi. Ulendo woyamba anandizula mano ogwedera aja, anandipala nkhama kwa milungu ingapo mpaka mafinya atatha, kenaka anaboola fupa la nsagwada n'kulowetsamo timabawuti tinayi tachitsulo, n'kusoka nyama pamwamba. Anati ndidikire miyezi isanu kuti fupa ligwirane ndi chitsulocho. Anandipatsa mano ovula oti ndizivala podikira, koma ankanditsuula, ndipo ndinawataya m'sutikesi. Ulendo wachiwiri anang'amba nkhama, n'kumangirira mano opanga asanu ndi limodzi pa timabawuti tija. N'chifukwa chake Jaffalie analephera kuwakoka. Ufa wa m'kachitini unali wotsukira mano wamba, wogula m'sitolo ya mankhwala. Pepala lake ndinalikanda ndi mpeni.

Koma bodza la nkhalamba si ndilo limandilasa kwambiri. Chimene chimandilasa n'chakuti dokotala wa ku Joni uja, asanandigwire n'komwe, anayamba wandipima shuga. Anandiuza kuti matenda a nkhama sathera m'kamwa, amayenda ndi magazi. Anandifunsa ngati kunyumba kuli wina wotuluka magazi m'nkhama. Ndinati mkazi wanga. Anafunsa ngati amamva ludzu kwambiri, ngati mabala ake amachedwa kupola. Ndinati inde. Anaika cholembera pansi n'kunena kuti ndikangofika kumudzi ndimutengere kuchipatala akamupime shuga, ndipo wina asamuzule dzino zimenezo zisanachitike.

Ndinalonjeza. Ndinafika kumudzi, doko linandiseka, ndipo ndinasankha kumera mano.

Jaffalie atamva sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anangoyang'ana zala zake zija, n'kutuluka.

Esime ndinamuuza mawa lake masana, dzuwa likulowera pawindo la wodi. Ndinagwada pambali pa bedi, ine amene sindinagwadirepo munthu. Ndinanena zonse, timabawuti, ufa, chenjezo la dokotala. Ankapuma movutikira, ndipo kuti ndimve mawu ake ndinachita kuika khutu pakamwa pake, pakamwa pomwe ndinathawa zaka ziwiri.

"Mabodza anu ndinkawadziwa onse," ananong'ona. "A mikango ya ku Beira. A Mzungu amene munamugwetsa ku mgodi. Ndinkangoseka. Koma awa ndinawagwira ndekha."

"Ndikhululukireni, amake Zena."

Anatseka diso lotsala lija, n'kulitsegulanso.

"Lole mwazimitsa?"

"Ndazimitsa."

"Khalani tsono."

Ndinakhala. Anamwalira tsiku lachitatu, nthawi ya pemphero la swala ya masana itangodutsa.

7

Tinamuika tsiku lomwelo ku Lungwena. Ndinafuna kunyamula nawo jeneza, chithatha cha maliro, koma Jaffalie anaika phewa lake pamalo pamene ndinkafuna kuika langa, ndipo palibe anandipatsa mpata.

Abale sanaulule kanthu, pofuna kusunga ulemu wa Zena. Ndikanatha kukhala chete moyo wanga wonse. Koma pa sadaka ya masiku makumi anayi, Che Uladi anandikokera pambali.

"Che Mustapha, abwera anthu awiri, wina wa ku Malindi, wina wa ku Nkopola. Akuti ndiwazule onse, ufa akagula kwa inu. Nditani?"

Anthu anali atakhala pamikeka, shehe atangomaliza pemphero la dua. Ndinaimirira pakati pawo. Ndinakweza mlomo wanga ndi chala ngati mbuzi ya pamsika, n'kuwauza kuti awa ndi mano opanga, omangidwa pa chitsulo, ndipo dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso. Palibe anaseka. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti kusekedwa kumene ndinkakuthawa kuja kunali kopepuka.

Pobalalika, Jaffalie anandiponyera kachitini kaja pamapazi.

"Tengani mbewu yanu," anatero. Mpaka lero sanandilankhulenso. Zena anakwatiwa ku Makanjira. Moni amandipatsa, koma akamalankhula nane amayang'ana pachifuwa panga, osati pakamwa.

Dokotala wa ku Joni anandiuza kuti ndizibwerera chaka chilichonse, ndiponso kuti chiseyeye chikabweranso chimadya fupa lozungulira chitsulo monga chimadyera lozungulira dzino. Sindinabwerereko. Ndinalibe nkhope yokamuuza za mkazi uja anandifunsa. Chaka chatha mswachi unafiiranso, ndipo mwezi wa Malichi chaka chino cha 1992 mano onse asanu ndi limodzi anachoka pamodzi ndi timabawuti take, kuchipatala, m'manja mwa dokotala wa imvi yemwe uja. Anandipimanso magazi. Shuga nanenso wandipeza. Amida akuti ndipite ndikaikitse ena, njira ndikuidziwa. Ndakana. Mano aja ndinawaika m'kachitini muja, pamwamba pa ufa umene Esime anasiya.

Inu amene mukuwerenga, sindikuti mano oikirira ndi oipa. Anga anali abwino, ndinadya nawo nzimbe zaka zinayi. Choipa chinali lilime lokhala kumbuyo kwake. Mukaona magazi pamswachi wanu, kapena pa wa munthu amene mumagona naye nyumba imodzi, musadikire kuti dzino litsalire mu nzimbe. Pitani akaone nkhamazo, akapimenso shuga. Ndipo ngati muli ngati ine, munthu wokometsa nkhani pa bwalo, kumbukirani kuti pagulu limene likukusekererani pali mmodzi amene sakuseka. Iyeyo akukhulupirira, chifukwa amakukondani.

Pa doko ayambanso kunditchula Che Gweru. Ndimayankha.